Ulendo wa kwaya ku Dziwe la Nkhalamba: anyamata akufuna kukadumpha pamwala, tiwalole?

Nachisale wa ku Chilomoni:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumalidziwa bwino phiri la Mulanje.

Ndine mlembi wa kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwathu. Chaka chino tagwirizana kuti pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, tikaswere ku Likhubula. Kunyanja tsiku limenelo kumadzaza moti posambira pamasowa, komanso mtengo wa kosita yopita ku Mangochi watikulira. Tilipo anthu 24. Wamng'ono ali ndi zaka 14, wamkulu ndi amayi atcheya athu, amene zaka zawo sinditchula chifukwa nawonso amawerenga pano.

Nkhani yavuta ndi iyi. Anyamata aona mavidiyo pa TikTok a anthu akudumpha kuchokera pamwala n'kugwera mu Dziwe la Nkhalamba, ndiye pa gulu lathu la WhatsApp palibenso nkhani ina. Za nyimbo zoti tikaimbe aiwala, akungopikisana kuti adzadumphe kuchokera pamwamba kwambiri ndani. Wotsogolera phokosoli ndi mlongo wanga wa Fomu 3. Iyeyu kusambira anaphunzirira pa kamtsinje ka kumudzi ku Ntcheu, pamene madzi amalekeza m'chiuno, koma mukamumva akulankhula mungati anabadwira ku Monkey Bay. Mayi andiuza kale kuti ndikamubweze m'mene ndamutengera. Makolo a ana enawo nawonso avomera ulendowu chifukwa ine ndilipo.

Ndiye ndifunse. Kodi pamalopa ndi pakuya mokwanira kudumphirapo mwezi wa Okutobala? Pali munthu amene amayang'anira osambira? Kuchoka pamsewu kukafika padziwe ndi mtunda wotani, ndipo amayi atcheya angakafike? China chitachitika, chipatala chili kutali bwanji? Ine maganizo anga ndi ongoletsa basi, koma anyamatawa ndimawadziwa. Ndikangotembenuka kukatenga mpunga m'kontena ndidzangomva phuvu.

Mjomba wa ku Bangwe:

Asisi musadzipatse BP ndi nkhani yaing'ono. Ife tinapita ndi anzanga a kuntchito, tinadumpha tonse, tinabwerako bwinobwino. Madzi ake ndi ozizira koopsa, mukalowa mumaiwala dzina lanu, koma ndiye kukoma kwake. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Akadumpha kamodzi mantha amugwira yekha, sabwerezanso. Ingogulani nanazi pa Chitakale, akatuluka m'madzi njala imakhala ya mtima bii.

Wa pa Likhubula:

Zikomo achemwali pofunsa musananyamuke. Ambiri amatifunsa ali kale pamwala, malaya atavula. Ine kwathu ndi konkuno, ntchito yanga ndi yolondolera alendo m'phirimu, ndiye ndiyankha zimene ndimaona.

Za njira ndisachedwepo. Kuchokera ku Limbe dzerani msewu wa Midima, ndi wachidule kuposa wodzera ku Thyolo. Mukafika pa Chitakale, musanalowe pa boma la Mulanje, khoterani msewu wa ku Phalombe, makilomita pafupifupi 10 mwafika pa Likhubula. Pa Chitakale pomwepo anyamata adzakuthamangirani kuti ndife magaidi. Ena ndi enienidi, ena ayi. Inu pitirirani mpaka ku ofesi ya zankhalango, mukalembetse maina, mulipire yolowera, ndipo gaidi mukamutengere pomwepo. Tengani ndalama m'manja, musadalire za pafoni. Gulu la anthu 24 pa madzi gaidi mmodzi sangalikwanitse, tengani awiri, ndipo funsani mosabisa ngati amatha kusambira. Kudziwa njira ya ku Sapitwa ndi kutha kuvuula munthu m'madzi ndi maluso awiri osiyana, si tonse tili nawo onse.

Kuchokera pa ofesi kukafika padziwe ndi pafupifupi ola limodzi wapansi, kutsata njira ya Chapaluka imene imakwera kupita ku Chambe, imodzi mwa nsonga za phirili. Ndi chitunda, koma amayi atcheya akafika bwinobwino mukayamba m'mamawa dzuwa lisanaswe mtengo, n'kumapuma m'mithunzi. Avale nsapato zogwira pansi. Mapatapata ndi amene amagwetsa anthu ambiri kuno, ndipo ovulala amene timawatsitsa kawirikawiri amakhala oti aterereka pa thanthwe lonyowa asanakhudze n'komwe madzi.

Tsopano funso lanu lenileni. Woyang'anira osambira palibe. Palibe chingwe, palibe chikwangwani chokuuzani kuya kwa madzi, palibe munthu wolembedwa ntchito yopulumutsa omira. Ndipo anthu amirapo pa dziwe limeneli, nkhani zake zinamveka pa wailesi ndi m'manyuzipepala, makamaka masiku a tchuthi ngati limene mwasankhalo.

Mukandifunsa kuti ndi pakuya bwanji, sindingakupatseni nambala, ndipo amene angakupatseni nambala ali ku Blantyre musamukhulupirire. Pansi pa dziwe sipakhala chimodzimodzi. Dzinja lililonse mtsinje wa Likhubula umatsitsa mchenga, nsangalabwi, zipika za mitengo, nthawi zina miyala yaikulu ndithu. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 mitsinje ya m'phiri muno inasintha maonekedwe, miyala imene tinkaidziwa kuyambira tili ana inasuntha, ina yachilendo inabwera. Vidiyo imene mlongo wanuyo akuionerayo simukudziwa kuti inajambulidwa chaka chiti, mwezi uti. Ngati ndi ya mu Meyi, madzi anali ambiri. Okutobala ndi mwezi umene mtsinje umaphwera kwambiri. Madzi akatsika, mtunda wogwa umatalika pamene kuya kwachepa, zonse ziwiri nthawi imodzi. Choncho ine ndisanalole mlendo wanga aliyense kudumpha, ndimalowa ndekha tsiku lomwelo, ndimamira pamalo ogwerapo, ndimafufuza ndi mapazi ndi manja mbali zonse. Ngakhale ndinalipo dzulo lake, ndimalowabe, chifukwa chipika chimodzi chobwera usiku n'chokwanira. Madzi a m'dziwe amaoneka oyera m'mphepete, koma pakati ndi akuda bii, maso sangakuuzeni chilichonse muli pamwamba.

A Mjomba anena zoona pa za kuzizira, koma azitenga ngati nthabwala. Madziwa amachokera pamwamba pa phiri, Sapitwa ndi mamita 3,002, ndiye ngakhale kunja kutenthe bwanji iwo amakhala ozizira. Munthu wayenda ola lathunthu padzuwa, thukuta lili kamukamu, kenako alowe zonse mwakamodzi. Chimachitika n'chakuti thupi limakoka mpweya lokha mosafuna, haaa, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi nthawi imeneyo ndiye kuti wakoka madzi. Akavuuka amapuma wefuwefu, manja akungomenya madzi, maso atatong'oka. Ndaonapo anyamata a matupi awo, osambira bwino m'madamu, akulephera kufika pamwala umene uli mamita atatu okha. Mphindi yoyambayo ndiye yoopsa. N'chifukwa chake aliyense ayambe walowa pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete, akhalemo mpaka mpweya ubwerere m'malo.

China ndi pansi penipeni pa mathithi, pamene pali thovu loyera. Pamenepo ndi pamene aliyense amafuna kujambulitsa. Madzi a thovu ndi osakanikirana ndi mpweya, sanyamula munthu ngati madzi wamba, umapalasa koma sukwera. Kuwonjezera apo madzi akugwawo amakukankhira pansi n'kukuzunguza kubwerera pomwepo. Mu Okutobala mphamvu yake imachepako, komabe ine sindilola mlendo kupitapo.

Ndiye pali potulukira. Anthu amaganiza zolowa, zotuluka saganiza. Miyala ya m'mbali ili ndi ndere, ina ndi yoimirira, wotopa sangakwerepo. Amakanda, amaterereka, amabwereranso m'madzi, mphamvu n'kumatha. Musanadumphe muyenera kudziwa mwala umene mukatulukire, ndipo muyambe mwayesa kutulukirapo.

Za mvula musati poti ndi Okutobala ndiye palibe nkhawa. Chizimalupsa chimagwa mwezi womwewu, ndipo chimatha kugwa pamwamba ku Chambe inu kumunsi dzuwa likuwala. Mukaona madzi ayamba kuda ngati tiyi wamkaka, masamba ndi tizitsotso tikubwera, kapena mkokomo wa mathithi wasintha, aliyense atuluke akwere kumtunda, zovala ndi mapoto muzisiye. Anthu a kuno Napolo timamudziwa. A ku Phalombe sanaiwale za mu Malichi 1991.

Chitachitika choopsa, galimoto sifika padziwe. Netiweki imagwira pena, pena ayi. Munthu timamunyamula pa machira kutsika njira yomwe ija, ndipo ndi katundu wotero ola limodzi lija limasanduka awiri. Kenako galimoto mpaka ku chipatala cha boma ku Mulanje kapena cha mishoni. Ikakhala nkhani ya khosi kapena mutu, ulendo umathera ku Queens ku Blantyre. Werengerani nokha maola amenewo.

Maganizo anga ndi akuti kungoletsa sikugwira ntchito. Mwanena nokha za phuvu uja. Woletsedwa amakadumpha mobisala, mothamanga, pamalo pamene sipanafufuzidwe, opanda womuyang'ana. Ine ndimachita chonchi: amene akufuna kudumpha ayambe wasambira kudutsa dziwe n'kubwerera osagwira mwala, kenako ayandame malo amodzi ine ndikucheza naye. Ambiri amagwa pomwepa, ndipo amasiya okha popanda kukangana. Wopambana adumphe pa mwala wotsika umene ndamusonyeza, miyendo patsogolo, thupi chilili, manja atagwira pachifuwa, mmodzimmodzi, wina asadumphe mnzake asanatuluke. Zodumpha chamutu, zotembenuzika m'malere, zokankhana, zogwirana manja awiriawiri, ndi aliyense amene walawako mowa, ayi. Poti ndinu a kwaya za mowazo mwina sizikukukhudzani, ngakhale ndinaonapo mabotolo a sobo onunkhira zina.

Mayi wa ku physio:

A Mjomba, mwambi wanuwo ndaukana. Nyanga ya nsatsi ikafota mwana amataya n'kukasewera zina. Khosi likathyoka palibe kukasewera zina.

Ine ndimagwira ntchito yophunzitsa anthu ovulala msana kukhala tsonga, kudya okha, kusuntha kuchoka pabedi kupita pa njinga ya olumala. Ambiri amene timawalandira ndi a ngozi za pamsewu ndi ogwa m'mitengo ya mango, koma a m'madzi nawonso amabwera, ndipo pafupifupi onse ndi anyamata a msinkhu wa mlongo wanuyo, mwanangu Nachisale. Achimwene a pa Likhubula alankhula zanzeru, ndipo ndikanakonda magaidi onse akanakhala otero. Koma pa ana a sukulu ine ndi iwo tisiyana.

Tiyambe ndi masamu a ku sekondale. Munthu wogwa kuchokera pa mamita 5 amafika pamadzi akuthamanga pafupifupi makilomita 36 pa ola. Kuchokera pa mamita 10 ndi pafupifupi makilomita 50 pa ola, liwiro la njinga yamoto ya kabaza pa tala, ndipo ulendo wonsewo sukwana masekondi awiri. Palibe nthawi yokonza thupi ukaona kuti walakwitsa. Akatswiri a pa Olympics amene amadumpha kuchokera pa mamita 10 amagwera m'dziwe lomangidwa lakuya mamita 5, madzi oyera mbee, pansi posalala, ataphunzira zaka zambiri, madokotala ali pambali. Mwana wathu akufuna achite zofananazo pa madzi akuda, tsiku loyamba, anzake akumukuwiza.

M'khosi muli mafupa 7, ndipo mkati mwake mumadutsa mtsempha waukulu umene umalamula manja, miyendo, chikhodzodzo, ngakhale kupuma. Munthu akalowa chamutu n'kugunda pansi, mutu umaima koma thupi lonse limabwerabe pambuyo ndi kulemera kwake. Sipafunika mwala, mchenga womwewo umakwanira. Chimene anthu sadziwa n'chakuti wovulala chotere nthawi zambiri sakomoka. Amayandama chafufumimba, akumva zonse, akufuna kutembenuka koma manja sakuyankha. Anzake pamwala amaseka kuti akuchita masewera. Masekondi amenewo ndi amene amasiyanitsa wopuwala ndi womwalira.

Kudumpha ndi miyendo kumachepetsa ngozi ya khosi, zoona, koma sikuichotsa yonse. Wogwa chokhala, matako patsogolo, amatha kuphwanya fupa la msana wa m'munsi. Wogwera chammbali amaboola nembanemba ya m'khutu, chizungulire n'kumugwira ali pansi pa madzi osadziwa kumwamba ndi kuti. Wogunda pansi ndi zidendene amathyola akakolo. Ndipo mwana wamantha ndi amene amagwa moipa, chifukwa amazengereza pamphepete, phazi limodzi lapita lina latsala.

Zimene zimatsatira sizioneka pa TikTok. Mayi wake kumutembenuza maola awiri alionse usiku ndi usana kuti asatuluke zilonda za pabedi. Kapaipi ka mkodzo. Kugula matewera a akuluakulu mwezi ndi mwezi. Njinga ya olumala m'tinjira ta ku Chilomoni nthawi ya dzinja, inu mukutidziwa. Anzake a kwaya amabwera kudzaimba mwezi woyamba, wachiwiri amachepa.

Ndiye ine ndikuti osakwana zaka 18 asadumphe, ndipo muwauze makolo awo musananyamuke kuti lamulo ndi limeneli, mwana aliyense alimve kuchokera kunyumba. Akuluakulu asankhe okha atamva zimene achimwenewa afotokoza.

Kaya mudumpha kaya simudumpha, izi zokha zidziweni. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi pa dziko lonse, ndipo ambiri samira modumpha, amangomira posambira wamba. Womira sakuwa ngati m'mafilimu. Amangoti zii, mutu ukulowa ndi kutuluka, pakamwa pali pamadzi. Ikani munthu mmodzi wamkulu pamwala amene ntchito yake ndi kuwerenga mitu basi, foni ili m'chikwama, ndipo azisinthana. Wina akayamba kumira musamulumphire ngati simunaphunzire, adzakukwerani pamutu mumire nonse. Muponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino chomangirira chingwe, kapena mupatseni nsungwi, ngakhale chitenje.

Mukamuvuula ndipo sakupuma, musamuzondotse kapena kumufinya pamimba kuti madzi atuluke, kumeneko n'kutaya nthawi. Mugonekeni chagada, tsegulani njira ya mpweya, muuzireni mpweya pakamwa kasanu, kenako dinikizani pakati pa chifuwa ka 30 mwamphamvu ndi mofulumira, mpweya kawiri, ka 30 kenanso, osaleka. Ngati akupuma koma akuti manja achita dzanzi kapena miyendo sakuimva, musamukhazike tsonga, musamukoke manja, musamubereke. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti usagwedezeke, ena amunyamule thupi lonse lili mowongoka, pa chinthu cholimba. Ndipo aliyense amene wamwa madzi n'kumatsokomola apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akuti ali bwino, mapapo amatha kuvuta patapita maola.

Mwana wa ku Chembe:

Ndangodutsa, koma poti mwatchula za kunyanja ndiikepo mawu. Ena akawerenga izi aziti bola ku Cape Maclear, ku Otter Point, poti madzi ake ndi ofunda ndipo pansi pamaoneka. Kuoneka pamaonekadi, tinsomba ta mbuna timachita kuwerengeka. Koma madzi oyera amanamiza. Mwala umene ukuoneka ngati uli kutali pansi umatha kukhala pafupi, ndipo dzuwa likapendeka madzulo suonanso kanthu koma kunyezimira.

Nyanjanso simakhala pamodzi. Chaka chilichonse imakwera dzinja likamatha n'kutsika chakumapeto kwa chaka. Mu 2024 inadzaza mpaka kumeza magombe ndi kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Miyala imene tinkakhalapo powedza inamira, n'kukhala pansi pa madzi pang'ono chabe, malo enieni oti munthu wachilendo agundepo. Ife obadwira kuno timadziwa mwala uliwonse ndi dzina lake, komabe mwera ukamaomba, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, sitidumpha. Kulowa ndi kosavuta, koma potuluka funde limakumenyetsa pathanthwe, likakubweza lakusenda khungu.

Alendo amaona tiana ta zaka 8 tikudumpha n'kumati ngati kamwana aka kakutha, ine ndingalephere? Kamwanako kanayamba kusambira kasanayambe sukulu, ndi kopepuka, sikamira kwambiri kakagwa, ndipo kakudziwa pogwera. Inu a makilo 80 mukafika pansi pamene iko sikafika.

Otter Point ili mkati mwa Lake Malawi National Park, ndiye pali yolowera, musadzakangane ndi a pageti. Ndipo mukasamba kuno kumbukirani likodzo, pakatha miyezi iwiri kapena itatu kayezetseni. Kumapiri kwanuko madzi ozizira othamanga nkhono zake sizikonda, pamenepo mwapambana.

Agogo a ku Chonde:

Ana inu mukukamba za mamita ndi makilomita, zili bwino. Koma dziwe limenelo si bafa. Makolo athu ankapita kumeneko ndi nsembe kukapempha mvula, ndipo ankati nthawi zina pamaoneka nkhalamba ya imvi ili pamwala. Pofika pamenepo anthu ankatsitsa mawu. Lero mukupita ndi masipika, mukusiya mabotolo ndi mapepala a chipisi m'madzi amene anthu akumunsi amamwa. Chaka cha 2025 a UNESCO, bungwe loona za maphunziro ndi chikhalidwe pa dziko lonse, analiika phirili pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, ndipo chimene anatchula ndi chikhalidwe ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ozungulira phirili. Akunja aona kulemera kwake, eni ake tikukadumphapo chagada kuti tijambulidwe.

Sindikuti musapite. Pitani, kaimbeni nyimbo zanu za Mulungu, n'zabwino. Koma munthu wofika pamalo mwaulemu sathamangira kukwera mwala. Mwana wanga Nachisale, uwauze anyamatawo kuti phirili lili ndi eni ake.

Mjomba wa ku Bangwe:

Mayi a physio mwandiopseza, ndasiya kudya. Ife tinapita mu Juni, ndipo kunena zoona panali mnyamata wa konko amene anayamba walowa n'kutiuza pogwera. Ndimaganiza kuti amangofuna timupatse kenakake.

Wa pa Likhubula:

Agogo, mawu anu ndawalandira ndi manja awiri. Ife tomwe tikafika ndi alendo timawauza mbiri imeneyo, ndipo za zinyalala mwalasa. Tsiku lotsatira tchuthi timatsika ndi matumba odzaza mabotolo, ena osweka, ndipo galasi losweka pansi pa madzi limang'amba phazi koopsa. Kungoti pamene munthu wamira, anthu amathamangira kunena kuti mizimu yamukoka, nkhani n'kuthera pomwepo. Osafunsa kuti anadya chiyani, anamwa chiyani, ankatha kusambira kapena ayi, analowera pati. Amene ine ndinawavuulapo anali ozizidwa, otopa, kapena oti alowa pa thovu paja. Ulemu kwa eni phiri ndi kufufuza pansi pa madzi ndimachita zonse ziwiri.

Amayi a physio, pa za ana sindikutsutsani. Inu mumaona mathero ake, ine ndimangoona poyambira. Mwana wosakwana zaka 18 wopanda kholo lake pomwepo inenso sindimulola, ndinaiwala kulemba. Pamene ndikuumirira ndi pa njira yoletsera. Mukangoti "osadumpha" muli mu kosita, mwataya. Muwapatse mayeso osambira aja onse, ana ndi akulu omwe, pamaso pa anzawo. Mnyamata amene walephera kudutsa dziwe atsikana a soprano akuona sakweranso mwala tsiku limenelo.

Nachisale wa ku Chilomoni:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Dzulo titatha kuphunzira nyimbo ndinawerengera komiti zimene mwalembazi. Tagwirizana kuti ana a sukulu onse sadumpha, ndipo tilemba zimenezi pa kalata imene makolo asayine. Mlongo wanga wakwiya, akuti ndamuyalutsa pa gulu, sakundilankhula kuyambira usiku. Mayi amva nkhani ya matewera ija ndipo anena kuti akapitiriza mavuvu atsala kunyumba azikasenda mbatata.

Akuluakulu amene akufunabe ndi atatu. Mmodzi wavomera yekha kuti kusambira amangodziwa kwa m'mphepete, ndiye atsala awiri, ndipo avomera kuti gaidi akakana iwonso asiya. Tapeza zigubu ziwiri za malita 20 ndi chingwe cha nayiloni choyanikira zovala, kaya chimenecho chikwana? Pakati pathu pali mtsikana amene akuphunzira unamwino, ndiye za kuuzira mpweya zija atiphunzitsa Loweruka likubwerali. Agogo, masipika tisiya, mawu tili nawo.

Achimwene a pa Likhubula, tinyamuke nthawi yanji ku Blantyre? Nanga kukacha kuli mitambo tipitebe?

Wa pa Likhubula:

Chingwe choyanikira zovala n'chopyapyala, chimadula m'manja chikanyowa. Pezani chokulirapo ngati chomangira katundu pa lole, mamita 15 kapena 20, mumange mfundo zingapo zogwirira. Zigubuzo muthiremo madzi pang'ono pansi kuti ziziponyeka, chopanda kanthu mphepo imachibweza.

Nyamukani 6 koloko. Pa 15 Okutobala pofika 11 koloko padziwe pamakhala podzaza ndi magulu ena, ena atamwa kale, ndipo pamenepo kuwerenga mitu ya anthu anu kumavuta. Mukafika m'mawa musamba mwaufulu, 1 koloko muzitsika kukadyera kumunsi. Dalaivala asachoke ndi kosita kupita kukanyamula maulendo ena ku Phalombe, akhale pa ofesi mpaka mutatsika, ndipo nambala yake ikhale ndi anthu awiri.

Za mitambo, ya ku Blantyre isakubwezeni. Mukafika pa Chitakale yang'anani Chambe. Ngati nsonga yake yaphimbika ndi mtambo wakuda kapena kukumveka mabingu kumtunda, kafunseni ku ofesi musanakwere, ndipo akakuuzani kuti m'madzi musalowe, mverani. Pali maiwe ang'onoang'ono kumunsi kufupi ndi Likhubula House kumene amayi atcheya angaviike mapazi, koma mvula ikagwa kumtunda nakonso mutuluke chifukwa mtsinje wake ndi womwewo.